Uthenga M'nsagwada mwa Mwana Wathu

Ndili m'nsagwada mwa mwana amene Amayi akuyembekezera. Maselo aima pamzere, avala yunifolomu ya kusukulu kwathu, akunong'onezana uthenga: "Phukani nthambi." Uthengawo ukafika kumapeto, kachiwalo kotulutsa malovu kamera ngati kamtengo. Ukadukira panjira, mwana wathu abadwa m'kamwa muli mouma, alephera kuyamwa.

Nanenso ndili pamzerewo, ndipo uthenga wafika pa ine. Aphunzitsi a Bayoloje atulukira, choko chili m'manja.

"Iwe, ukulongolola m'kalasi mwanga?"

"Ayi, Madamu."

Selo lakutsogolo kwanga landitchera khutu. "Tanena msanga aise, nthambi zikufota!"

Madamu akundiyang'anitsitsa. Ndikutsinzina, ndikufuula uthenga wonse. Pansi payamba kunyowa, malovu ofunda andifika m'mawondo.

Ndadzuka kutulo ndikudikirabe chibalo cha Madamu.