Mmene Vainess Anadalitsira Alendo a pa Sitima

Vainess Sandifolo anakula osaonapo nyanja. Ku Mandava kuno, m'tauni ya mgodi ya m'dziko la Ashona, madzi aakulu amene tinkawadziwa anali a m'ngalande nthawi ya dzinja, ndi aja obiriwira a m'maenje akale a mgodi amene makolo ankatiletsa kuyandikira. Kusambira sankadziwa, ndipo mpaka lero sadziwa. Koma ndi yemweyo amene anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa sitima zapamadzi zonyamula anthu okasangalala. Ine ndine msuweni wake. Amayi ake, a Enala, ndi azakhali anga, choncho zina mwa izi ndinaziona ndi maso, zina anandiuza mwini wake.

Agogo ake anachokera ku Dedza kudzakumba asibesitosi, bambo ake nawonso anatsika pansi pomwepo zaka makumi awiri. Mgodi utaima, bamboyo anakhala pakhonde n'kumatsokomola mpaka anatisiya. Vainess anakalowa ntchito pa loji ina m'tauni, kuyala mabedi a makorokoza, anyamata okumba golide aja amene amagona ndi nsapato zamatope. Kumeneko anaphunzira kuyala bedi mofulumira, komanso kumwetulira kwinaku pakamwa pakutuluka zina. Mwini lojiyo ankamva Chishona chokha, ndiye Vainess akamuyankha m'Chichewa, iye ankayesa ulemu.

Azakhali anga anali ndi pulogalamu yawo ya pa TV imene sankaphonya, yoonetsa moyo wa pa sitima zoterezi. M'menemo aliyense anali wovala zoyera mbee, kapitawo wa sitima ankavina ndi amayi olemera, ndipo pa mapeto mnyamata woperekera zakudya ankakwatira mwana wa mwini banki. Ndiye mu 2014, Vainess atapambana mayeso ku Harare n'kupatsidwa ntchito, azakhali anazungulira msika wonse wa Mandava.

"Mwana wanga azikadya ndi kapitawo," ankatero. "Mpeni uku, foloko uku."

Kapitawoyo Vainess anamuona kawiri m'chaka choyamba, kawiri konseko cham'mbuyo. Chipinda cha Vainess chinali pansi penipeni pa sitima, kunsi kwa madzi, chopanda windo, ndipo ankagona awiri ndi mayi wina wa ku Indonesia wokonda kuyanika masokosi pa chitseko.

"Atate ankatsika pansi pa nthaka, ine pansi pa madzi," anandiuza pa foni. "Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akaweruka ankatuluka."

Mlungu woyamba anasanza mpaka kulakalaka makorokoza ake. Atazolowera, anapatsidwa zipinda khumi ndi zisanu ndi zitatu, kukonza kawiri pa tsiku, osapuma ngakhale Lamulungu, miyezi isanu ndi itatu. Malamulo anali ambiri kuposa a Mose. Mlendo aliyense umupatse moni asanakupatse. Chikepe cha alendo usakwere. Pa bedi la mlendo usakhale. Za chibwenzi ndi mlendo ndiye usalote n'komwe: akakugwira, doko lotsatira watsika ndi chikwama chako.

Panalinso ntchito yopinda matawelo kuti aoneke ngati nyama, n'kuwaika pa bedi. Njovu ankaitha, bakha ankamutha. Tsiku lina anayesa nyani, ndipo mayi wa m'chipindamo anakadandaula ku ofesi kuti wantchito akunyoza mwamuna wake. Vainess amati atamuyang'anitsitsa bamboyo, anaona kuti dandaulolo linali lomveka.

Alendo ankamufunsa zambiri. Wina anafuna kudziwa ngati kwawo mikango imalowa m'nyumba. "Lachiwiri lokha, bwana," anayankha. Wina anamulamula kuti amusinthire chipinda chifukwa dzuwa linkalowera mbali yolakwika. Sikuti onse anali otero. Panali nkhalamba ina imene mkazi wake anali atayamba kuiwala zinthu, moti m'mawa uliwonse mayiyo ankamufunsa Vainess dzina ndi kwawo. Vainess ankamuyankha ngati akufunsidwa koyamba, masiku khumi ndi anayi onse, ndipo tsiku lotsika bamboyo anamugwira chanza ndi manja awiri. Amenewo sanawatukwanepo. Koma ena onse ankalandira moni wa Chichewa, ndi kumwetulira kwa mano onse.

"Mwadzuka bwanji, afisi inu? Mwatayanso kabudula wamkati pansi, ngati mulibe manja?"

Iwo ankasangalala, ena mpaka kuyeserera kubwereza.

M'chaka chake chachinayi pa sitimayo panabwera anthu a TV kudzajambula. Bwana woyang'anira zipinda, mayi wamfupi wolankhula ngati wailesi, anasankha Vainess chifukwa cha kumwetulira kuja. Anamupatsa yunifolomu yatsopano, n'kumuuza kuti akangomaliza kujambula aibweze.

Anthu a TV aja anasankha chipinda cha banja lina limene linali litakangana mlungu wonse mpaka kuswa galasi, ndipo linali litatseka chimbudzi katatu. Kamera itayatsidwa, awiriwo anagwirana manja ngati akwatirana dzulo. Vainess anauzidwa kugogoda, kulowa ndi njovu ya tawelo, iwo n'kudabwa. Anagogoda kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse iwo ankadabwa mwatsopano. Apo n'kuti zipinda zake zina zikumudikira, mapazi atatupa.

Kenako mtsikana wotsogolera kujambulako anati, "Vainess, tatipatsa moni wa kumudzi kwanu. Mawu a makolo ako, ochokera mumtima."

Vainess kumudzi sanapiteko chibadwire. Kwawo ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo okwerera makombi. Koma anaika dzanja pamtima, anapinda maondo pang'ono monga mwana woleredwa bwino, n'kuyang'ana kamera ndi nkhope ya mngelo.

"Takulandirani, alendo athu okondedwa, inu amene mumadya ngati dzombe n'kusanza ngati agalu. Akuluakulu athunthu osadziwa kugujumula chimbudzi. Mulungu akudalitseni, ndipo akubwezereni kwanu msanga."

Mtsikana wa TV uja anapukuta msozi. Mayi wa m'chipindamo anamukumbatira.

Cholakwa cha Vainess chinali chimodzi: anauza amayi ake kuti wajambulidwa. Ankayesa kuti mbali imeneyo adzaidula, poti anajambula anthu ambiri. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, azakhali anamva tsiku loonetsa pulogalamuyo, Lamulungu masana. Anaitana amayi a Mvano onse, anaitana amayi abusa, anaitananso a Matiyasi, mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi atatu amene anagwira ntchito mumgodi limodzi ndi malemu bambo a Vainess. Mipando tinabwereka kwa aneba. TV tinaitulutsa pakhonde kuti onse aone. Panali fanta, panali mabanzi.

Tinaonera sitima, tinaonera anthu akudya nkhanu zazikulu ngati mbale. Kenako chitseko chinatseguka, Vainess uyo, njovu m'manja. Amayi a Mvano analulutira. Azakhali anaimirira n'kuloza.

"Ndi ameneyo! Mwamuona? Wanenepa!"

Ndiye anapinda maondo, n'kuyamba. Mawu ankamveka bwino kwambiri, ngati ali nafe pakhondepo. Pansi pa chithunzi analembapo m'Chingerezi kuti limeneli ndi dalitso lakale la ku Africa lofunira apaulendo mtendere.

Pa dzombe paja, nthungululu zinaduka. Pa agalu, amayi abusa anaika botolo pansi. Pofika pa chimbudzi, pakhonde ponse panali zii, moti tinkamva nkhuku za aneba. Achinyamata obadwira kuno, amene Chichewa amangochimva mwa apo ndi apo, anayamba kutigwedeza n'kumafunsa m'Chishona: "Ati chii? Nhai, ati chii?"

Mwa akuluakulu, woyamba kutulutsa mawu anali a Matiyasi. Anayamba ngati akutsokomola, tinayesa chifuwa cha mgodi chawagwira. Kunali kuseka. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, misozi ili chuchuchu.

"Zaka makumi atatu," anatero akupuma movutika, "mzungu akundikuwira buya lapa, buya lapa, kuti bwera kuno, ine ndikumutukwana chamumtima. Mwana uyu wawauza pamaso, iwo n'kumukumbatira!"

Azakhali anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana babu la pakhonde.

"Masiku onse magetsi amazima," anatero. "Lero lokha ayi."

Foni inalira kwa Vainess sitima ili pa doko lina la ku Italy. Ine ndinali pompo azakhali akuimba.

"Iwe, ndinakulera ine kapena unaleredwa ku bhawa?"

"Amayi, ndinali nditatopa."

"Kutopa kumatulutsa agalu pakamwa? Pamaso pa amayi abusa? Ine ku Mvano ndikalowa ndi nkhope iti?"

"Koma ndinanama, amayi?"

Azakhali anatsitsa mawu. "Zoti sagujumulazo n'zoona?"

"Mukanaona."

"Maiwe. Ndi ndalama zonsezo." Kenako anakumbukira kuti akukalipa, n'kuyambiranso.

Ku sitima nkhani inayenda mwina. Alendo amene anaonera pulogalamuyo ankafika akufunsa za mayi wa dalitso uja. Bwana wamfupi uja anamuitana mu ofesi, Vainess akuganiza kuti basi ntchito yatha, koma anauzidwa kuti kuyambira tsopano, tsiku lokweza alendo atsopano, aziima pakhomo n'kumawadalitsa. Yunifolomu yatsopano ija anamupatsiratu. Kukana kukanafuna kufotokoza, ndiye anavomera. Mlungu ndi mlungu ankaima pamenepo, dzanja pamtima, anthu mazanamazana akudutsa n'kumawerama. Ena ankapempha kuti awaike dzanja pamutu.

Zinayenda choncho pafupifupi chaka. Tsiku lina pamzerepo panali mayi wakuda wovala magalasi, ali ndi mwamuna wake mzungu. Vainess anadalitsa monga mwa masiku onse. Mayiyo anaima, anatsitsa magalasi, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achemwali," anatero, "ine ndimagujumula."

Mayiyo anali namwino wa ku Kasungu wogwira ntchito ku Mangalande. Mwamuna wake anafunsa kuti akukambirana chiyani, iye n'kuyankha kuti akuthokoza dalitso. Mlungu wonsewo Vainess ankadikira kuitanidwa ku ofesi, koma sanaitanidwe. M'malo mwake mayiyo ankamusaka m'makonde kuti acheze, n'kumamuuza zimene iyenso amawanena odwala ake akamavuta. Komabe kuyambira pamenepo Vainess anayamba kuyang'ana mzere wonse asanatsegule pakamwa, ndipo akaona nkhope yokayikitsa, ankangonena Salimo 23.

Mu 2020 mliri uja utabwera, alendo onse anatsitsidwa, antchito n'kutsala pa sitima pakati pa nyanja miyezi itatu, palibe dziko lofuna kuwalandira. Pofuna kuti asathithikane, anawasamutsira m'zipinda za alendo. Kwa nthawi yoyamba Vainess anagona pa bedi limene ankayala, m'chipinda chokhala ndi khonde lakelake. Anakhala pakhondepo tsiku lonse akuyang'ana nyanja. Titamufunsa kuti zinali bwanji, anati, "Ndi madzi basi. Anthu aja amalipira kuti aziyang'ana madzi." Koma anavomera kuti bedilo linali labwino, ndipo anagona masiku awiri osadzuka bwinobwino.

Zinthu zitatseguka anabwererako maulendo awiri, kenako maondo anakana masitepe. Mu 2023 anabwera kwathu kotheratu. Anagula makina awiri ochapira, ndipo lero amachapa maovololo a anyamata a ku migodi ya pulatinamu, kuseri kwa nyumba imene anawonjezera zipinda kuti amayi ake azikhala motakasuka. Makasitomala amawalankhula Chishona, poti ambiri a iwo anamva mbiri yake ndipo akangomva Chichewa amafunsa kuti watinena chiyani.

Mpingo sunaiwale. Atangofika, anaitanidwa ku bwalo la akulu kuti akayankhe za mawu onyansa olankhulidwa pamaso pa dziko lonse. Anapita atavala chitenje ndi duku, maso pansi. Abusa anafotokoza mlandu mozungulira, osafuna kutchula mawuwo. A Matiyasi anakweza dzanja.

"Abusa, mlandu sitingauweruze osaumva. Mwanayu abwereze zimene ananena."

Vainess anabwereza.

"Makutu angawa ndi akale," anatero a Matiyasi. "Abwerezenso, mokweza."

Mlembi wa bwalo anatuluka panja, akuti kukamwa madzi. Chigamulo chinali chakuti asese tchalitchi mwezi umodzi. Anasesa, anakolopa, anachotsa akangaude amene anakhalamo chimangireni, n'kukonzanso makatani, moti mwezi utatha amayi a Mvano anamusankha kukhala woyang'anira alendo a mpingo. Ntchitoyo amaigwira bwino. Alendo akabwera kuchokera ku Gweru kapena ku Harare amagona pa mabedi oyalidwa ngati a mu hotela. Chokhacho n'chakuti galimoto yawo ikamaima pabwalo, abusa amamuyandikira n'kumunong'oneza.

"Mayi Sandifolo, chonde, ingowagwirani chanza. Zolankhula ndilankhula ndine."