Mphuno ya Amayi a Makandulo

Amayi oyandikana nafe nyumba amapanga makandulo onunkhira m'timabotolo ta jamu, n'kumagulitsa. Kasitomala aliyense amamuuza kuti, "Ine pa fungo sindiphonya." Chomwe sanena n'choti mphuno yawo inasiya kumva kalekale. Amene amawanunkhizira ndi amuna awo.

Mwezi watha awiriwa anayambana, osalankhulana sabata yathunthu, oda ya makandulo a paukwati ikudikira. Amayi anasungunula phula, n'kuthira okha mafuta omwe ankayesa a maluwa, mabotolo makumi asanu. Atamaliza anaika botolo limodzi pamaso pa bambo.

Bambo ananunkhiza nati, "Akwati agona bwino. Awa ndi mafuta othamangitsa udzudzu."

Amayi anayang'ana mabotolo aja kanthawi, kenako anafunsa mofatsa, "Bambo, ndikuthirireni tiyi?"