Masipulingi a ku Nyimba

Mlongo wanga anafela pamsewu wa ku Lusaka, m'mapili mukangopitilila Nyimba, vanete yake itagubuduka ndi matumba a mtedza. Anasiya mkazi ndi kamwana kakakazi kongoyamba kumene kuyankhula. Kanatenga mphumi ya atate ake ndi kasekedwe komwe, moti pakhomo pathu ku Petauke tinali kukalimbilana ngati nyama ya pa Khisimasi.

Malilo atatha tinasudzula mlamu wanga monga mwa mwambo, ndipo amalume ake anabwela kuchokela ku Sandwe kudzanena kuti abwelele kwao mvula isanagwe. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, panalibe chotsutsa. Atate anangopempha chimodzi, kuti akawapeleke okha pa galimoto yao, mkazi wa mwana wao asakwele lole ngati thumba la chimanga.

Koma vanete ya atate, yofanana ndi ya malemu, inali itakhala pa njelwa. Masipulingi akumbuyo, zitsulo zosanjikizana zija zimene zimasenza katundu, anali atathyoka ndi ukalamba. Atate anali atawasunga zaka zambili mwa njila yaoyao: anali kuwakulunga ndi zingwe za chikopa cha ng'ombe chonyowa, chikauma n'kugwila zitsulo kuti gwa. Amakanika a m'tauni anali kuwaseka, koma mlongo wanga anaphunzila. Iye anali wamanzele, mfundo yake inali kuyang'ana kumbuyo, ndipo atate anamukalipila pa mfundo imeneyo mpaka anamela ndevu.

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene ngakhale sopo tinali kuimila pamzele. Nanga sipulingi yatsopano ukanaiona kuti? Ine mumtima ndinakondwa. Msewu wa ku Sandwe suyendeka mvula ikagwa, choncho zitsulozo zikanasowa, mwana akanakhala nafe dzinja lonse. Ndinapemphela kuti zisowe, ndipo mpaka lelo sindichita nazo manyazi.

Kenako atate anamva za munthu wina ku Nyimba wogula magalimoto akufa n'kumagulitsa ziwalo zake. Amai anandiuza kuti ndiwapelekeze, poti chimwalilile mwana wao atate anali atayamba kuyankhula okha m'njila. Ndinapempha tchuthi kusukulu kumene ndinali kuphunzitsa, tinakwela basi.

Munthuyo anali wapakamwa, ndipo magalimoto ake anali mbwee kuseli kwa nyumba, nkhuku zikuikila mazila m'mipando.

"Aa, bambo, mwachedwa pang'ono chabe," anatelo. "Mailo, dzulo lomweli, kunabwela munthu wa ku Mwape, anatenga yonse."

Mtima wanga unati myaa. Ndinali nditagwila kale chikwama kuti tizipita.

"Koma imani, kuli ina uko kumaudzu. Ija ni yoipa pamwamba, koma pansi ili bwino maningi."

Inali chagada, yopanda matayala, denga litaphwanyika mpaka pamipando. Ine sindinaizindikile. Galimoto ya ngoziyo sitinaione, atate anakana kukaiona, ndipo tinangomva kuti inakokedwa. Ndinaona atate akugwada paudzu, akusisita sipulingi ndi chala. Pamenepo ndinaona chikopa, chakuda ndi mafuta, ndi mfundo zake zonse zoyang'ana kumbuyo.

"Mwaona? Mwine wake anali munthu wosamala," anatelo wogulitsa uja, akumenya chitsulo ndi sipanala. "Inagubuduka mpaka kumunsi kwa phili, koma apa palibe olo chimodzi chinathyoka. Dilaiva chabe ndiye anafela pamenepo, mnyamata wachichepele."

Ndinagwila atate paphewa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Atate, tiyeni. Izi sitingatenge."

Sanandiyang'ane.

"Ndinalonjeza kwa anthu, mwana wanga. Ufuna mdzukulu wanga akwele pa zitsulo za ndani?"

Anaimilila, nasasa maondo, nauza wogulitsa kuti amasule koma asadule chikopa. Sanamuuze kuti iwo ndani. Munthuyo anamasula akuimba mluzu, natithandiza kukweza zitsulozo padenga la basi.

Kunyumba atate anakana makanika, anagona okha pansi pa galimoto n'kumanga masipulingiwo. Amai anabwela ndi madzi akumwa, anawelama, anaona mfundo zija, anaika kapu pansi n'kulowa m'nyumba. Mlamu wanga sitinamuuze.

Tsiku la ulendo mitambo inali itadelatu chakumpoto. Tinakweza bedi, mpando, mapoto ndi makina osokela amene malemu anagulila mkazi wake. Mlamu anakhala pakati, ine kukhomo, mwana pamiyendo panga. Msewu wa ku Sandwe ndi wamiyala ndi zigwembe, ndipo pa chigwembe chilichonse ndinali kutchela khutu kuti ndimve chitsulo chikuti thyo, tibwelele. Palibe chinalila. Galimoto inayenda mofewa kotelo kuti mwana anagona tulo, kakamwa kali yasa, malovu akunyowetsa chitenje changa.

Titafika, azibale a mlamu anatilandila bwino, anatiphela nkhuku. Mai wina amene sindinali kumudziwa anandichotsa mwana m'manja akali m'tulo, namubeleka. Ndinafuna kumudzutsa kuti andione, koma anati musiyeni watopa. Ndinadzamuonanso ali namwali, amai ake atakwatiwanso kwina, ndipo anagwada n'kundipatsa moni ngati mlendo.

Pobwelela galimoto inali yopanda kanthu, ikudumphadumpha, ndipo madontho oyamba anatipeza tisanafike pamsewu waukulu. Ndinali kulila poyela, osabisa, ndili ndi mkwiyo ndi atate, ndi mwambo, ndi zitsulo zosathyokazo. Atate anayendetsa mtunda wautali. Kenako tinagwa m'chigwembe chachikulu, galimoto inati fwaa n'kudzuka bwinobwino, ndipo anaimitsa pambali. Anagwila chiwongolelo ndi manja onse awili, akuyang'ana mvula pagalasi.

"Anali kumanga bwino," anatelo. "Ine ndinali kungomukalipila."