Achemwali Pakati pa Njati ndi Nkhwazi

Achemwali anga sanasewerepo gemu chibadwire, koma akhala akugulitsa makina a magemu kuyambira ine ndili pasukulu. Sitolo imene amagwirako ndi yopanikiza, yoti anthu awiri onenepa sangadutsanemo. Kumanzere kuli makina a kampani ina, okhala ndi chithunzi cha njati pabokosi. Kumanja kuli a kampani inzake, a chithunzi cha nkhwazi. Pakati pamaima achemwali ndi kansalu kawo kopukutira fumbi.

Chuma chawo chinali mawu awo. Makolo ankabwera mutu utazungulira ndi zofuna za ana, iwo n'kufunsa zaka za mwanayo, kukula kwa kanema wa pabalaza, komanso ngati m'nyumbamo muli mng'ono wake wolanda zinthu. Kenako ankaloza bokosi limodzi, munthu n'kunyamula osafunsanso. Mwini sitolo ankawasunga chifukwa cha chimenechi basi.

Ndiye kunabwera mphekesera za pafoni. Akuti a Njati amalemba anthu ganyu yozungulira m'masitolo, kumanena mokweza kuti makina a Nkhwazi amatentha mpaka kusungunula tebulo. Mawa lake nkhani inatembenuka: akuti a Nkhwazi ndi amene anapeka zimenezo kuti a Njati aoneke a kaduka. Ena ankati a Njati amabisa dala katundu wawo kuti anthu aziganiza kuti akutha msanga. Achemwali ankawerenga zonsezi akudya, supuni ili m'malere.

"Ndiye wabodza ndi uti?" ankandifunsa. Ine ntchito yanga n'kusoka zovala, ndikanadziwa bwanji?

Masiku omwewo kunayamba kubwera bambo wina wa chipewa chotuwa. Ankafika pa makina a Nkhwazi oonetsera, kuika chikhatho pamwamba ngati akuyeza mwana malungo, n'kufunsa, "Mayi, awa satentha?" Akayankhidwa ankagwedeza mutu n'kutuluka osagula. Loweruka lotsatira, munthu yemweyo, funso lomwelo. Achemwali anafika pomulota.

Tsiku lina sitolo itadzaza, analephera kupirira.

"Bambo inu, tanenani pano anthu amve. Akukulipirani ndi a Njati kapena a Nkhwazi?"

Bamboyo anavula chipewa. "Ine? Ine ndikufuna kugulira mwana wanga wamkazi, wakhoza mayeso. Koma ndinawerenga kuti ogulitsa m'masitolo ndi amene amapatsidwa kangachepe. Ndimabwerabwera kuti ndione ngati mungasinthe mawu."

"Ndiye ndasintha?"

"Ayi, mayi. N'chifukwa chake ndikukayika kwambiri. Munthu amene sanachite kuloweza amasinthako pang'ono."

Anthu anaseka, koma nkhaniyo pofika panja inali itamera nyanga. Wometa tsitsi wa pafupi anamva kuti achemwali amadya za a Nkhwazi. Wokonza mafoni analumbira kuti ndi za a Njati. Mlonda, pofuna kuwayanjanitsa, anati amadya konsekonse.

Chimene chinandiwawa n'chakuti palibe amene anawakwiyira. Makolo ankabwerabe, kupereka moni bwinobwino, kumvetsera malangizo onse, kenako n'kunyamula bokosi limene achemwali sanaloze. Achemwali atazindikira, anayamba kuloza lolakwika dala kuti mwana apite ndi loyenera. Makolo ena anatulukira zimenezo n'kuyambiranso kutenga lolozedwalo. Pano ngakhale eniakewo akatukula chala sadziwa ngati akunena zoona kapena ayi. Mwini sitolo wayamba kufunsa ngati pakufunikadi munthu pakati pa mashelefu awiriwo.

Mwezi watha ndinapita kunyumba kwawo masana. Ana anga nawonso akhala akundisowetsa mtendere pofuna makina a magemu, ndipo ndinaganiza kuti pakhomo, popanda makasitomala, andiuza mosabisa. Ndinawapeza pakhonde akupinda zovala.

"Achemwali, tili awiriwiri pano. Ana aja ndiwagulire ati?"

Anaika pansi malaya amene ankapinda n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ine amene anandilera akundibereka kumbuyo.

"Iwenso?" anatero motsitsa mawu. "Wakutuma ndani?"