Kamera Imene Ndinapita Nayo ku Dziwe la Apongozi

Kamera ija ndinaisankha ndekha, palibe anandikakamiza. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkakonda kuloza chala alamu anga a ku Joni, ngati kuti ndiwo anandigwira dzanja.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Mwanza ndinabwera ndi ntchito ya m'boma, n'kukwatira mkazi wa kwa Nthache. Bambo ake, apongozi angawo, anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, osabwereranso. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Zaka zisanu zoyamba za ukwati wathu, nkhani zathu zinali moni, mvula ndi mbuzi basi. Koma chinthu chimodzi chinkandidabwitsa. M'mudzi monse anthu ankadalira nsomba zouma za pamsika, koma pakhomo pa apongozi pankapezeka mlamba wauwisi ngakhale mu Okutobala, timitsinje titaphwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, Loweruka lina m'mawa, anandiitana. "Akamwini, tengani khasu." Ndinangoti basi, ntchito ya mkamwini yandipeza. Koma munda wawo tinaudutsa osaima. Tinakwera phiri, kutsika, kuzungulira uku ndi uku mpaka ine mutu unabalalika, kenako tinakwawa pansi pa zitsamba zaminga. Titadzuka, kutsogolo kwathu kunali dziwe lakuda, lobisika pakati pa miyala, madzi ake ozizira ngati a mumtsuko.

Makasu aja anali ongonamizira anthu. Ndodo zawo zowedzera, zansungwi, ankazibisa kumphanga. Sankadzera njira imodzi kawiri motsatizana. Ankawedza nsomba zitatu kapena zinayi basi, zazing'ono ankazibwezera m'madzi, ndipo pochoka ankawaza madeya pang'ono kuti zotsalazo zidye. Nsombazo ankaziika pansi pa thumba, pamwamba n'kuika masamba a mbuzi.

"Dziwe ili ndinalipeza chaka chimene tinafika," anatero. "Mkazi wanu uja analeredwa ndi madzi awa. Maiwe ena onse a kuno anatha. Anthu akadziwa amathira katupe kapena mankhwala a tomato, tsiku limodzi zonse zafa, ndi tiana tomwe. Ndiye musauze munthu. Ngakhale mwana wanga amene muli naye kunyumbayo."

Ndinalonjeza. Tsiku limenelo ndinabwerera ku boma ndikudzimva kuti tsopano ndine munthu pabanjapo.

Kwa zaka ziwiri ndinasungadi pakamwa. Kenako kunabwera matenda anga okonda zipangizo. Ndinkaonera pafoni anthu akunja akuwedza, kakamera kali pamphumi, nsomba ikuoneka kuyambira pamene yameza nyambo mpaka kufika m'manja. Nthawi yomweyo alamu anga, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi, anali atatha zaka zambiri ku Joni osabwera. Pafoni ankangodandaula kuti akufuna kuwaona bambo awo akuyenda, akuseka, osati zithunzi zoima njo ngati za pachiphaso. Apa ndinapeza chifukwa chabwino chogulira chinthu chimene ndinkachifuna kale.

Dalaivala wina wa thiraki, amene ndinkadziwana naye kumalire, anandibweretsera makamera awiri kuti ndisankhe. Tinakhala mumthunzi wa thiraki yake, tizinthuto tili pachikhatho. Yoyamba batire lake linkakhalitsa, koma inkaona malo ochepa, pafupifupi mmene imaonera foni. Yachiwiri inali ndi kabokosi kosalowa madzi, lamba wa kumutu, lamba wa pachifuwa, ndi diso lotambasuka, loona malo aakulu. Nditayatsa, pakagalasi kake panalowa thiraki yonse, mzere wa anthu osintha ndalama, mpaka thambo.

"Iyi bwana imameza zonse," anatero dalaivala uja. "Ngakhale zimene simunayang'ane."

Ine ndinamva ngati akuitamanda, ndipo ndinatenga yomweyo.

Sabata yonse ndinali kalikiliki. Kabokosi ndinayamba kukamiza m'ndowa kali kopanda kamera, nditaikamo kapepala, kuti ndione ngati kanyowe. Kanatuluka kouma. Ndinagula memore khadi, ndinadzaza batire ndi pawabanki chifukwa magetsi anali atathima masiku awiri. Lamba wa kumutu anandikulira, ndiye ndinawonjezera mphira wa chubu ya njinga. Ndinkazungulira pabwalo ndikujambula nkhuku, mkazi wanga akundifunsa ngati ndalembedwa ntchito kumigodi. Pachifuwa kamera inkangoonetsa manja ndi mimba. Pamutu ndiye inkatsata kulikonse kumene ndatembenukira, ndipo ndinakondwa nazo. M'kati mwa makonzedwe ake munali posankha kuti diso lichepe kapena litambasuke. Ndinapaona bwinobwino. Ndinalisiya lotambasuka mpaka pamapeto, poti nanga si ndicho ndinagulira.

Chovuta chinali kuwapempha apongozi. Anaitenga kamerayo, kuitembenuza kangapo, kuiyang'ana m'diso.

"Imaona mpaka pati?"

"Pamene ndayang'ana ine basi, bambo."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinanama kapena ndinangofuna kuti zikhale choncho. Pamapeto pake anavomera. Ndikudziwa kuti chimene chinawagonjetsa ndi mwana wawo wa ku Joni, osati ine.

"Madzi ndi nsomba basi," anatero. "Phiri lisaoneke, mtengo usaoneke. Mwamva?"

Ndinamva, ndipo kudziwe kuja ndinayesetsadi. Ndinakhala chozyolika ola lathunthu, khosi likuwawa, maso ali pamadzi. Kenako chingwe cha apongozi chinakokedwa mwamphamvu, nsungwi inapindika, iwo anatsetsereka pamwala n'kukhala pansi chingwe chili m'manja. "Epa! Epa!" anakuwa. Unali mlamba waukulu ngati ntchafu ya munthu. Ataufikitsa kumtunda anaseka, kuseka kwenikweni, kotulutsa mano onse. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho, ndiye ndinadzutsa mutu kuti ndiwaone.

Kunyumba ndinadula kanemayo pafoni kuti afupike. Ndinamuonera kasanu, koma maso anga anali pa nsomba ndi pa nkhope ya apongozi. Ndinatumiza kwa alamu. Sindinawauze kuti asapatse munthu, chifukwa ndinkaopa kuti akandifunsa chifukwa chake ndidzaulula kuti pali chinsinsi. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

Lachitatu masana, ndikutuluka kuntchito, wakabaza wina wa kumudzi kwa mkazi wanga anaimitsa njinga yake yamoto patsogolo panga.

"Bwana, mlamba uja! Mwatibisira bwanji ndiwo?" Anali akumwetulira. "Takuonerani pa gulupu ya kumudzi, alamu anu aponya. Kodi si kuseri kwa mwala wong'ambika kuja? Ife timayesa kulibe madzi kumene kuja."

Ndinaseka kuseka kopanda pake, n'kunena kuti ndi ku Shire. Anandiyang'ana mmene amayang'anira mwana wonama, n'kuliza njinga yake.

Ndinabwerera mu ofesi, ndinatseka chitseko, n'kuika kanemayo pa kompyuta. Pagalasi lalikulu zonse zinali poyera. Pamene ndinadzutsa mutu paja, kumwamba chakumanzere kunaoneka thanthwe long'ambika pakati, mkuyu utamera mumng'aluwo. Masekondi atatu okha. Aliyense amene anadyetsako mbuzi kapena kuotcha makala m'mapiri amenewo akanalizindikira. Ndinaimbira alamu kuti amuchotse pagulupo. Anachotsa, akudabwa kuti ndakwiyiranji, koma kanemayo anali atakhala pagulupo masiku awiri ndipo anthu anali atapatsirana kale.

Apa ndiye pali mlandu wanga weniweni. Apongozi alibe foni, koma kuchoka ku boma kukafika kwawo ndi ola limodzi panjinga yamoto. Ndikanapita tsiku lomwelo. Mwina akanakagona kudziweko, mwina akanakamba ndi akuluakulu a m'mudzi, sindikudziwa. Koma ine ndinaopa nkhope yawo. Ndinadziuza kuti mwina wakabaza uja ndi yekhayo amene wazindikira. Ndinadziuza kuti mingayo iwabweza. Madzulo ndinamuuza mkazi wanga zonse, ndi chinsinsi chomwe, poti chinali chitatha kale.

"Pitani mukawauze mawa m'mawa," anatero.

"Mawa kuli msonkhano kuntchito. Ndipita Loweruka."

"Anthu a katupe sadikira Loweruka."

Ndinamukalipira kuti asandiphunzitse, chonsecho ndikudziwa kuti akunena zoona. Lachinayi linadutsa, Lachisanu linadutsa. Foni ikalira ndinkaopa kuiyankha. Kumsonkhano kuja sindinamve ngakhale mawu amodzi.

Loweruka ndinafika kwa Nthache dzuwa litangotuluka. Apongozi ndinawapeza ali okonzeka, ndipo nkhope yawo inali yowala. Anandifunsa ngati mwana wawo waona kanema uja, ndipo ngati wati chiyani. Ndinati waona, wasangalala kwambiri. Anagwedeza mutu, n'kuyamba kutsogola.

Njira yonse ndinkakonza mawu m'kamwa. Ndinati ndiwauza tikadutsa munda. Titadutsa munda ndinati ndiwauza pamwamba pa phiri. Pamwamba pa phiri ndinatsegula pakamwa, "Bambo," iwo n'kutembenuka, ine n'kufunsa za mbuzi yawo yodwala.

Potsika, apongozi anaima mwadzidzidzi. Pafumbi panali mapazi a anthu ambiri ndi mzere wa tayala la njinga. Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anayamba kuyenda mofulumira moti ine, wamng'ono kwa iwo ndi zaka makumi atatu, ndinkachita kuthamangira. Zitsamba zaminga zija tinazipeza zitadulidwa ndi zikwanje, pali njira yoti n'kudutsa munthu atasenza thumba. Pambali panali kabotolo kopanda kanthu ka mankhwala opopera tomato. Kenako tinamva mawu a anthu ndi kuseka.

"Bambo," ndinatero, "kanema uja..."

Sanatembenuke.

Padziwe panali anthu oposa khumi, amuna ndi akazi, ena ali m'madzi mpaka m'chiuno ndi madengu. Anali atathira mankhwala aja dzulo lake, ndipo tsopano ankatola zotsala. Madzi anali otuwa, fungo lake lolasa m'mphuno. Pamwamba ponse panali mimba zoyera. Milamba ikuluikulu inali kale m'matumba. Zimene zinkayandama zinali tiana, tosakwana chala, tambirimbiri, pamodzi ndi achule ndi nkhanu. Mphepete mwa miyala munali mzere woyera wa tinsomba timene palibe anafuna kutola.

Anthuwo atationa anasiya kutola. Sanali achilendo, anali anthu a m'mudzi momwemo, ena opemphera nawo limodzi. Bambo wina anatuluka m'madzi, anasankha mlamba wabwino m'thumba lake, n'kubwera nawo ndi manja awiri mwaulemu.

"Madala, tengani ka ndiwo. Pajatu ndinu mwatisonyeza."

Apongozi anawomba m'manja pang'ono, anathokoza, koma sanalandire. Anakakhala pamwala pamene ankakhala nthawi zonse. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ngati chitsa. Ndinkafuna andilalatire, anditukwane m'Chipwitikizi, andimenye ngakhale ndi nsungwi, pamaso pa anthu onsewo. Ndinawauza zonse ndi mawu otsika, za kudzutsa mutu, za thanthwe, za gulu la pafoni. Anamvetsera maso ali pamadzi.

"Munadziwa liti?"

Bodza linali pafupi, koma ndinali nditatopa nalo. "Lachitatu."

"Lachitatu," anabwereza. Anawerenga zala, chimodzi, chiwiri, chitatu, n'kuziyang'ana. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Patapita nthawi anafunsa, "Makina aja mwatenga?"

Kamera inali m'thumba la jekete. Ndinali nditaitenga poganiza kuti mwina ndiiphwanya pamaso pawo, ngati kuti zimenezo zikanadzutsa nsomba.

"Valani," anatero. "Jambulani izi. Phiri, mtengo, zonse, musaopenso. Mwana wanga aone pamene analeredwera alongo ake."

Ndinayesa kukana. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo, ndipo ndinavala. Ndinazungulira dziwe lonse pang'onopang'ono, anthu akundipatsa njira, ena akubisa nkhope, nsapato zanga zikuponda tinsomba takufa. Miyendo inkanjenjemera, mutu unkanjenjemera, misozi inkanditchinga m'maso moti sindinkaona kumene ndikuponda. Koma makamera amenewa anawapanga kuti azibisa kugwedezeka kwa munthu wowavala. Nditaonera madzulo ake, kanemayo anali wosalala bwinobwino, ngati wojambulidwa ndi munthu amene sizikumukhudza.