Mthunzi wa munthu mmodzi

Ku Chembe ankanditchula kuti aphunzitsi, ngakhale sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Chizungu changa ndinachitola m'magazini amene alendo ankasiya ku loji, ndipo mawu ena ndimawatchula mwakuti eni ake sangawazindikire.

Masana tinkasoka ukonde pamchenga, ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anabadwa ndi khungu lachialubino. Pamalopo panali kamkuyu kamodzi, mthunzi wake wokwana munthu mmodzi. Munthuyo ndinali ine. Ndinkati pepala likawala ndi dzuwa limapweteka maso. Iye ankakhala kumapeto kwa ukonde, pamtetete, khosi lili psuu, akusoka mabowo atatu ine ndisanamalize limodzi.

Tsiku lina ndinapeza tsamba lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu atagona padzuwa, m'munsi mwake chithunzi cha chilonda. Ndinawerenga chala chikutsogolera. Ankati dzuwa limaotcha khungu loyera pang'onopang'ono, pakapita zaka pamabuka khansa, ndipo chilonda chosapola n'chofunika kuthamangira nacho kuchipatala.

"Asuweni, milomo yakhala ikugwedera kuyambira kale," anatero msuweni wangayo. "Akuti bwanji azunguwo?"

"Akuti dzuwa limene amakwerera ndege kudzaliothali limawapha. Matenda a anthu okhuta awa, ife satikhudza."

Anaseka mpaka kugwetsa singano. "Auzeni abwere adzatisokere ukondewu, tione amene ayambe kufa!" Akuseka choncho ankakanda kachilonda kamene kanali pamwamba pa khutu lake kuyambira nthawi ya mphepo ya mwera. Ndinakaona kachilondako. Ndinatembenuza tsamba.

Sindinganame kuti sindinamve zimene ndinawerenga. Ndinamva, koma ndinadziuza kuti msuweni ndi wathu, si mzungu ayi. Komanso, kunena mosabisa, mchenga wa kumapeto kwa ukonde unkaotcha.

Mvula inabwera n'kupita. Chilondacho chinakula, chikungotuluka magazi akachikhudza. Amene anamukokera kuchipatala ku Mangochi ndi mkazi wake, mayi amene sanagwirepo magazini chibadwire. Kumeneko anamutumiza ku chipatala chachikulu, ndipo anabwerako khutu atalidula theka, atavala chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali. Anamuuza kuti azipitanso kukapimidwa, chifukwa nthendayo imatha kubukanso pena.

Tsiku limene anabwerera kuukonde anandipatsa botolo la mafuta oteteza khungu kudzuwa.

"Aphunzitsi, tawerengani apa. Akuti ndizidzola kangati?"

Ndinamuwerengera. Kenako ndinati, "Asuweni, tsamba lija la mayi wogona padzuwa linkanenanso za inu. Za chilonda chosapola zinalimo. Sindinakuuzeni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ake akunjenjemera monga amachitira kukawala. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira.

"Ndiye khutu langa munadya ndinu," anatero. "Chabwino. Muzilankhulira mbali iyi, ndi yokhayo yatsala yomvera nzeru zanuzo."

Sanaseke. Anapita kukakhala pansi pa kamkuyu kaja osapempha, ine n'kunyamula singano kupita kumapeto kwa ukonde.

Mpaka lero ndimakhala komweko. Tisanayambe ntchito amavula chipewa, ine n'kumuyang'ana kumbuyo kwa khosi ndi kuseri kwa makutu, kumene iye sangadzione. Sabata yatha ndinapezapo kadontho kokhakhala. Ndinamuuza nthawi yomweyo, ndipo ukondewo tinausiya pamchenga osaumaliza.