Tsitsi la m'dimba la repu

Thumba lija ndimalikumbukabe, la ufa, loyera, lodzaza tsitsi la anthu. Amalume ndiwo anabwera nalo kwathu ku Chifubu, nyengo yozizira, ine ndili giredi fili. Linali lopepuka ngati mulibe kanthu, koma fungo lake, mafuta odzola ndi thukuta, mpaka lero ndikadutsa pa wometa limandibwerera.

Kuseri kwa nyumba amayi anali ndi kadimba ka repu, ndiwo zathu zonse zinkachokera pamenepo. Aneba ankaweta akalulu oyera a maso ofiira, ndipo akaluluwo ankakumba pansi pa mpanda n'kulowa kwathu. M'mawa tinkapeza mapesi okhaokha ndi timanyi tawo tobulungira. Amayi anayesa minga, anayesa phulusa, anayesa malata akale, anapitanso kukadandaula m'Chibemba chawo chothyokathyoka, poti ife kwathu ndi kum'mawa, koma mayi wa pamenepo anangoti kalulu sadziwa malire, n'kuwatsekera chitseko.

Amalume ankasamalira maluwa ku Parklands, ku Kitwe, ndipo kumeneko anamva kuti kalulu amaopa fungo la munthu. Tsitsilo anakasesa kwa wometa wa pamsika. Tinaliwaza mozungulira dimba lonse, ine ndikuseka, likundimata m'zala. Akalulu anasiyadi kubwera. Repu anatambasula masamba ngati mbale.

Sipanapite nthawi, mwana wa anebawo, mnzanga wosewera naye, anadwala, thupi moto, kukomokakomoka. Mayi ake anasuzumira pampanda n'kuona tsitsi, ndipo mwanayo ankametedwa kwa wometa yemwe uja. Anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Amayi, osadziwa za matendawo, anayankha akumwetulira:

"Ni mankhwala chabe, amake mwana."

Mankhwala. Amayi anga inu, mawu ena onse analipo.

Masana omwewo pageti panadzaza anthu. Ankakuwa kuti indoshi, ndiye kuti mfiti, ena akuti anthu a kum'mawa ndi otero, tinkawadziwa kale. Azimayi omwe ankadzapempha mchere kwathu ndi omwe anali patsogolo. Mwala unaswa zenera, amayi anandikankhira pansi pa bedi, ndinkangoona mapazi awo pasimenti. Amalume anatuluka kukafotokoza za akalulu, anabwerera mlomo ukuchucha magazi. Za akalulu palibe anafuna kumva. Anthuwo anatola tsitsi lonse n'kulitentha pamsewu, utsi wake unalowa mpaka m'mabulangete.

Mwana uja anachira, anali malungo, koma palibe anabwera kudzapepesa. Ankati wachira chifukwa tsitsi lapsa. Kusukulu ndinkakhala ndekha pabenchi, aphunzitsi akuona, n'kumangopitiriza kuphunzitsa. Sindinawakhululukire, ngakhale mmodzi.

Lero ndili ndi wanga mwana kuno ku Mushili. Ndimamumeta ndekha, chitseko chotseka, katsitsi kalikonse ndimatola n'kukataya m'chimbudzi. Mwana wa aneba akangotsokomola, ine ndimasuzumira pazenera kuona ngati pageti paima munthu. Kuseri kwanga sindibzala kanthu, ndi fumbi lokhalokha.

Ku Chifubu kuja tinasamukako. Tsiku losamukalo amayi anazula repu yense. Titakwera galimoto pamwamba pa katundu, ndinaona kalulu mmodzi atakhala pakati pa dimba lathu, akutafuna tsamba lotsala, osathawa. Ndinamuloza chala, ndinamutukwana, amayi ananditseka pakamwa, maso awo ali pa anthu oima m'mageti. Ine ndinkaganiza kuti tikuthawa iyeyo.